Mapazi a Kambewa pa Msewu wa ku Lifidzi

Galimoto yanga yoyamba ndinaigula kwa namwino wina wachizungu amene ankathawa nkhondo, ndipo pa ulendo wake woyamba wautali inanyamula maliro a bambo anga. Kanali kanthu kakang'ono kotuwa, ka zitseko ziwiri m'mbali ndi chachitatu kumbuyo chotsegukira m'mwamba. Wailesi munalibe, hutala inkalira ikafuna yokha, ndipo mvula ikagwa madzi ankadonthera pa bondo langa lakumanja. Aphunzitsi anzanga ku Tete anaitcha Kambewa. Ankati ndikaiimika pansi pa mtengo ndizichenjera ndi amphaka. Ine zimenezo sizinkandikhudza, chifukwa m'banja mwathu monse ndinali woyamba kukhala ndi chinthu choyenda popanda kupalasa. Ndinkaipukuta kawiri pa tsiku, ngakhale masiku amene mafuta a gazolina kunalibe ndipo inkangokhala pakhomo.

Bambo anatsikira ku Tete kudzagona m'chipatala atavutika ndi chifuwa miyezi yambiri. Anabwera ndi mlongo wawo, azakhali anga a Nangozo, mayi wamfupi wosaseka zopusa. Tsiku lomaliza bambo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Jerevazi, kuno n'kotentha. Usandisiye kuno. Ukandigoneke ku Lifidzi, kumene kuli amayi anga." Ndinavomera msanga, chifukwa mumtima ndinkati achira. Kutacha anali atatisiya.

Nthawi imeneyo nkhondo inali itakwera kale kumapiri kwathu ku Angoniya, ndipo basi zinali zitasiya kuyenda. Anzanga anandiuza mosabisa kuti ndapenga. Wina anati wakufa samva kutentha, ndiwaike pomwepo basi. Azakhali anamva mawuwo. Anangopinda nsalu zawo, n'kukakhala pansi pafupi ndi tayala la galimoto. Pamenepo ndinadziwa kuti ulendo ulipo.

Bokosi silikanalowa mu Kambewa, choncho bambo tinawakulunga m'nsalu ndi mphasa. Ndinachotsa mpando wakumbuyo, tayala lapadera, jeke ndi zitsulo zonse kuti agone bwino, komabe mapazi anatsala kunja. Chitseko chakumbuyo ndinachimanga ndi chingwe chili chotsekula pang'ono. Powanyamula ndinachita manyazi ndi kupepuka kwawo, munthu amene kale ankasenza thumba la mbatata pa phewa limodzi. Gazolina ndinamupeza posinthanitsa ndi jekete langa la kutchalitchi ndi wotchi. Kenaka ndinapita kukatenga giya, kalata ya boma imene popanda iyo munthu sunkadutsa pa chipata chilichonse cha asilikali. Mlembi anafunsa kuti tili angati. Ndinati atatu. Anasuzumira pawindo, n'kulemba kuti awiri ndi katundu. Azakhali sindinawawerengere zimenezo.

Kutuluka m'Tete masiku amenewo kunali kwa koluna: magalimoto onse pamzere umodzi, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Tinafika kutsidya kwa mlatho wa Zambezi kukungocha, n'kudikira. Dzuwa linatuluka, linakwera, linafika pamutu, koluna osanyamuka. Wina ankati akudikira mkulu wa asilikali amene akusamba, wina ankati kutsogolo kwaphulika chinthu. Azakhali ankaingitsa ntchentche pa mphasa ndi nthambi ya nimu, ndipo anthu ankafika, kuona mapaziwo, kuvula chipewa n'kuchoka mwakachetechete.

Mmodzi yekha sanachoke. Anali bambo wonenepa wa mano otalikirana, woyendetsa kamyau yobiriwira, lole yaikulu yodzaza matumba a mchere. Anayamba wapepesa maliro mwaulemu wonse, kenaka anazungulira galimoto yanga kawiri atagwira m'chiuno.

"Pepani, a profesori, koma kameneka n'ka karu, galimoto yeniyeni, kapena n'kamwana ka karu? Mayi wake ali kuti?"

Ndinakwiya, koma azakhali anatulutsa kaphokoso m'mphuno kamene ndinazindikira kuti n'kuseka. Dzina lawo anali a Zakariya, kwawo ku Domwe, ndipo mcherewo ankapita nawo kumeneko. Atamva kuti ife ndi a ku Lifidzi anawomba m'manja.

"Ndiye njira yathu ndi imodzi mpaka kwanuko. Muzinditsata pambuyo. Kakatopa tikaika m'thumba la malaya."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Za msewu wa ku Mwatizi ndi Kapiridzanje ndikukumbuka zochepa, chifukwa maso anga anali pa nambala ya kamyau ya a Zakariya. Ndimakumbuka zigoba za magalimoto otenthedwa m'mbali mwa msewu, zina zitamera udzu m'kati, ndiponso kuti nthawi iliyonse ndikayang'ana pagalasi ndinkaona mapeto a mphasa akugwedezeka ngati bambo akusuntha miyendo. Pa chipata chilichonse msilikali ankawerenga giya, kuyang'ana kumbuyo, n'kupempha ndudu. Ine sindisuta. A Zakariya ndi amene ankatsika, n'kupereka ndudu za galimoto zonse ziwiri.

Pa Musakama koluna inapitirira kulowera ku Zobwe, ife tinatsala. Apa ndi pamene msewu wa kwathu umapatukira kumanzere n'kuyamba kukwera mapiri, ndipo kumeneko kunalibe wotiperekeza. Tinagona pomwepo. M'mawa msilikali wina wachikulire, wa bandeji yakuda pa chala, anatiitana ine ndi a Zakariya n'kutiuza malamulo a msewuwo akutafuna nzimbe.

"Tala anakumbakumba, m'maenjemo anathiramo dothi, ndipo m'dothimo ndi mmene mumagona mina. Pondani pamene mnzanu waponda. Mukaona mapazi a tayala, amenewo ndiye msewu, kwinako si msewu. Mukaona pamene pasesedwa bwinobwino ngati pabwalo la mkazi waukhondo, imani. Munthu sasesa msewu wa boma chifukwa chaukhondo."

Mina ndi mabomba okwirira pansi, ndipo aliyense ankawadziwa dzina ngakhale ochepa anali atawaona ndi maso. Tinagwirizana kuti kamyau itsogole. A Zakariya anati iwo ndi okhala pamwamba, amaona patali, ndiponso msewuwo anauyenda kambiri.

Sitinayende mtunda wautali ndisanaone vuto limene msilikali uja sanaliganizire. Kamyau ndi yotambalala, Kambewa ndi yopapatiza. Ndikaika matayala akumanzere m'mapazi a kamyau, akumanja ankayenda pakati, pa dothi limene palibe anapondapo. Ndikasunthira kumanja, akumanzere ndiwo ankatsala pakati. Ndinayesa uku ndi uku. Theka la galimoto yanga linali lotetezeka, theka linalo linali m'manja mwa Mulungu, ndipo ndinkasinthasintha kuti mbali yangozi ikhale yanga kapena ya azakhali. Iwo anazindikira.

"Jerevazi, leka kuvina. Sankha mbali imodzi. Achimwene akugubuduka kumbuyoku."

Ndinasankha kuti mbali yangoziyo ikhale yanga.

Titakwera pamwamba mphepo inazizira, ndipo ndinamva fungo la kwathu, la bulugama ndi dothi lofiira. Koma kwathuko kunali zii. Inali nyengo yokolola, chimanga chitauma m'minda mbali zonse ziwiri, popanda ndi mmodzi yemwe wokolola. Midzi inalipo, nyumba zili chiimire, zitseko zili pululu, utsi osaoneka paliponse. Pa nyumba ina zovala zinali pa chingwe, zitayanikidwa kalekale mpaka kutuwa. Nkhuku sitinaone ngakhale imodzi. Pa sukulu ina chitsulo cha tayala chimene ankaimbira ana belu chinali chikadalendewera pa mtengo, ndipo pamene tinkadutsa chinalira kamodzi. Mwina inali mphepo. Ine masamba sindinawaone akugwedezeka.

Patsogolo pang'ono, m'munda wa chimanga, munaima munthu wovala jasi lalitali, akuyang'ana msewu. Azakhali anakweza dzanja monga timachitira kwathu. Sanayankhe, sanasunthe. Ndinadziuza kuti ndi choopsezera mbalame. Nditayang'ana pagalasi ndinaona chimanga chokha, koma msewu unali utakhota, choncho mpaka lero sindidziwa. Azakhali anatulutsa korona n'kuyamba kupemphera chamumtima, dzanja lina lili pa mutu wa bambo.

Ku Ulongwe tinafika masana. Tauni inali yodzaza ndi anthu othawa m'midzi, ena atagona m'makonde a masitolo otseka, ena akumanga mitolo kuti alowere ku Kalomwe n'kuwolokera ku Dedza. Asilikali anatisunga pa chipata nthawi yaitali, akukangana ngati giya yolembedwa katundu ingadutsitse maliro. A Zakariya anathetsa mlanduwo ndi mbale ya mchere. Tili pomwepo kunagwa kamvula kosayembekezeka m'nyengo imeneyo. A Zakariya anagula mbatata zootcha, n'kundikakamiza kudya.

"Idyani, a profesori. Mwaonda ngati bango. Mphepo ya ku Domwe ikunyamulani pamodzi ndi kakaru kanuko."

Asilikali anatiuza kuti msewu wa ku Lifidzi sunaone galimoto kwa masiku oposa sabata. Ndi msewu wadothi, ndipo kamvula kaja kanali katafufuta chilichonse. Panalibe mapazi oti titsate, panalibenso posiyanitsa posesedwa ndi posasesedwa. Ponse panali see. Ndinaganiza zopempha malo ku manda a ku Ulongwe, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Azakhali anali atakwera kale m'galimoto. A Zakariya anandiyang'ana, anayang'ana mapazi a bambo, n'kunena kuti akazi awo ku Domwe akudya ndiwo zopanda mchere mwezi wachiwiri, tiyeni.

Tinayenda pang'onopang'ono, kamyau patsogolo, ine pambuyo ndi theka langa lija. Mantha anali atandikwana moti sindinkawamvanso, ndinkangomva ludzu. Tinafika pa kamtsinje kamene ukawoloka umakhala walowa m'dera la kwathu, pamene msewu umayamba chitunda chachitali. Kamyau inawoloka kamlatho n'kuyamba kukwera. Kambewa inawoloka, inatsokomola kawiri, n'kuzima.

Ndinapotokola kiyi, osalira. Ndinatsika, ndinatsegula kutsogolo, ndinachotsa kapaipi ka gazolina n'kukauzira ndi pakamwa monga anandiphunzitsira amene anandigulitsa. Osalira. A Zakariya anaima, anabwerera wapansi akuponda m'mapazi a kamyau yawo, anagwiragwira mawaya, anamenya batire ndi mwala. Osalira. Tinayesa kukankha anthu awiri, ndipo apa ndikunena zimene ndinamva ndi manja anga: kagalimoto kamene ndinkakankha ndekha ndi dzanja limodzi ku Tete sikanasunthe ngakhale pang'ono. Kunali chitunda, inde, ndiponso matope. Koma a Zakariya anasiya kuseka.

Azakhali anatsika, anapita kumbuyo, anagwada pa dothi lonyowalo n'kugwira mapazi a bambo.

"Achimwene, ndine Nangozo. Tafika pa mtsinje wa kwathu. Mwakwiya chiyani? Mwanayu wayesetsa, musamuvutitse."

Anatchera khutu ngati akumvetsera. Kenaka anadzuka n'kutiyang'ana.

"Talakwa ndife. Maliro salowa kwawo pambuyo pa mchere. Kuyambira liti wakufa kutsata katundu? Iwowa atsogole, ena tonse pambuyo."

Zinali zoona kuti kwathu palibe amene amadutsa kutsogolo kwa maliro. Koma kutsogola pa msewu umenewo kunali nkhani ina, ndipo ndinayamba kutsutsa. A Zakariya anandigwira phewa.

"Mayi akunena zoona, a profesori. Ine ndachita mwano osadziwa. Patsala pang'ono, tchalitchi cha ku Lifidzi chikuonekera pamwamba apo. Tsogolani, ine ndiziponda momwe mwaponda."

Anakaimika kamyau pambali pang'ono, pamene inali itaponda kale, kuti ndipeze podutsa. Ndinalowa, ndinapotokola kiyi mopanda chikhulupiriro. Inalira nthawi yomweyo. Sindinayang'ane pagalasi.

Azakhali anakana kukwera. Anati chitunda chimenecho akwera wapansi ndi mlongo wawo monga ankachitira ali ana pochokera kumtsinje. Choncho m'galimoto tinatsala awiri, ine ndi bambo, gazolina atatsala wa pansi penipeni. Ndinadutsa kamyau n'kulowa pa dothi losalala lopanda phazi la chinthu chilichonse. Ndinayenda liwiro la munthu wapansi, azakhali pambuyo atagwira mphasa, akuimba nyimbo ya maliro ya kutchalitchi ndi mawu ang'onoang'ono. Pakati pa chitunda tayala lakumanja linagunda kanthu kolimba, galimoto inadumpha pang'ono. Ndinati ndi mwala. A Zakariya anatipatsa mpata waulemu, ndipo titatsala pang'ono kufika pamwamba ndinamva kamyau ikuyamba kukwera.

Phokoso lake sindingathe kulifotokoza, chifukwa sindinalimve ndi makutu. Ndinangomva chifuwa chikumenyedwa, galasi lakumbuyo n'kuthetheka. Kenaka kunayamba kugwa zinthu pa denga la galimoto, waa, ngati matalala. Nditatuluka ndinaona kuti ndi mchere. Azakhali anali pansi chafufumimba, ali moyo, tsitsi lawo litayera.

Ndinathamanga kutsika chitundacho osaganiza n'komwe za pamene ndikuponda. Kutsogolo kwa kamyau mbali ya woyendetsa kunalibe. Dzenje linali ndendende pa mzere wa tayala langa lakumanja, pamene ndinati ndi mwala paja. Mapazi a Kambewa ankaoneka bwino, kulowa m'dzenjemo mbali ina n'kutulukira mbali inayo. A Zakariya ndinawapeza mu udzu. Za miyendo yawo sindinena. Anali maso, ndipo nkhope yawo sinali ya ululu, inali ya munthu wodabwa.

"A profesori," anatero, "ndinaponda momwe munaponda."

"Ndaona, bambo. Musayankhule."

"Momwemo ndithu. Sindinaphonye."

Ndinawakoka, azakhali anandithandiza, tinawakhazika pa mpando wakutsogolo. Ulendo wotsalawo ndinauyenda mothamanga, osasamala za dothi. Ku misau, mishoni ya ku Lifidzi, kunali kutatsala sisitere mmodzi wokalamba ndi kabokosi ka mabandeji, koma sanakatsegule n'komwe. Kambewa inafika ku Lifidzi ndi maliro awiri.

Bambo tinawaika tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, pafupi ndi amayi awo, monga anapemphera. Anthu anatuluka m'mapiri mmene ankabisala, ochepa, anakumba mofulumira, anaimba motsitsa mawu n'kubwerera. Lonjezo langa linakwaniritsidwa, koma mtima sunakhale pansi ngakhale pang'ono. Achibale a a Zakariya anabwera m'mawa mwake ndi ngolo kuchokera ku Domwe. Akazi awo anandigwira manja onse awiri n'kundithokoza kuti sindinawasiye amuna awo mu udzu. Ndikanakonda akananditukwana.

Azakhali anauza aliyense kuti bambo ndi amene anatipulumutsa: anaona chimene chinali m'dothi, anakana kuyenda, ndipo atatsogola anatinyamula kutidutsitsa. Mpaka imfa yawo ankanena zomwezo. Asilikali atabwera kudzaona dzenjelo patapita masiku, mmodzi anandiuza zina. Anati mina ya mtundu umenewo simva phazi la munthu kapena njinga, imadikira cholemera. Anayang'ana Kambewa, yopanda mpando, yopanda tayala lapadera, anandiyang'ananso ine ndi kuonda kwanga, n'kuseka.

"Kameneka kakanatha kudutsapo kakhumi, kamarada. Mina sinadziwe n'komwe kuti padutsa galimoto."

Sindikudziwa amene ankanena zoona pakati pa awiriwo, ndipo pena ndimaganiza kuti onse. Chimene ndikudziwa ine n'chakuti lamulo la msewu linali limodzi, ponda pamene mnzako waponda, ndipo mapazi a galimoto yanga anali abodza. Ankauza wobwera pambuyo kuti apa ndi pabwino pamene pansi pali imfa. Ndinayamba kuwerenga m'mutu misewu yonse imene ndinadutsa, n'kumadzifunsa kuti ndani anatsata.

Ndinakhala ku Lifidzi miyezi ingapo, chifukwa njira yobwerera ku Tete inatsekeka, ndipo Kambewa inali galimoto yokhayo yokhazikika m'dera lonselo. Inanyamula odwala ndi amayi oyembekezera kupita ku Ulongwe, gazolina akapezeka. Koma ulendo uliwonse ndisananyamuke ndinkadula nthambi yaikulu ya masamba ambiri, n'kuimangirira kumbuyo ndi chingwe chomwe chija, kuti izikokeka pansi n'kumafufuta mapazi. Ndinkasiya msewu wosesedwa, umene woyendetsa aliyense ankauopa n'kuima. Oyendetsa makamyau ankanditukwana kuti ndikuwachedwetsa, ndipo ndinkawalola atukwane.

Anthu a m'midzi sankadziwa zimenezo. Kwathu masamba pa galimoto ndi chizindikiro cha maliro, choncho ndikamadutsa amuna ankavula zipewa, amayi ankagwada m'mbali mwa njira, ngakhale nditanyamula mayi ndi khanda lamoyo. Tsiku lina pa chitunda chomwe chija, pamene chigoba cha kamyau chinali chikadali ndipo udzu unali utakana kumera chifukwa cha mchere, bambo wina wokalamba anandiimitsa, chipewa chili m'manja. Anasuzumira m'kati, anaona kuti ndili ndekha, n'kufunsa motsitsa mawu kuti maliro ndi a yani.

"A Zakariya a ku Domwe," ndinatero.

"Aja a mchere? Si anaikidwa kalekale amenewo?"

"Anaikidwa," ndinayankha, ndipo ndinatsika kukalimbitsa chingwe cha nthambi.